Macheka a makina sasiyanitsa thabwa ndi chala

Mukadutsa ku Mchesi mumzinda wa Lilongwe kapena pakati pa mashedi a akalipentala ku Ndirande, chimene chimayamba kukulonjerani masiku ano ndi kulira kwa macheka amagetsi. Kumudzi nakonso zinthu zinasintha. Mtengo wa bulugama umene kale unkatopetsa amuna awiri a nkhwangwa tsiku lonse, lero mnyamata mmodzi wonyamula chainsaw amaugwetsa m'mphindi zochepa, n'kuudula zipika, n'kuyamba kuchekeratu matabwa pomwepo.

Palibe amene angadandaule nazo zimenezi. Makinawa afewetsa ntchito, achulukitsa mipando, zitseko ndi mabedi pamsika, ndipo alemba ganyu achinyamata ambiri amene akanangokhala. Vuto ndi lakuti makina anafika okha, maphunziro ake anatsalira m'mbuyo. Ambiri amene akuwagwira lero anaphunzira pongoonerera mnzawo, amenenso anaphunzira pongoonerera wina. Kabuku ka malangizo kamene kamabwera m'katoni kamakhala m'Chingerezi kapena m'Chitchaina, ndipo makina akakhala ogula kwa munthu wina kabukuko sikaoneka n'komwe.

Zotsatira zake timaziona ndi maso: mmisiri wa zala zitatu, mnyamata wa chipsera chachikulu pantchafu, bambo wa zaka 40 amene mumachita kumukuwira kuti amve. Anthu akamakamba za ngozi zoterezi amathamangira kunena kuti vuto ndi umphawi, poti zovala zodzitetezera n'zodula. N'zoona, n'zodula. Koma zambiri zimene zimapulumutsa munthu wogwira macheka a makina sizigulidwa m'sitolo. Ndi kaimidwe, kagwiridwe, kaikidwe ka thabwa, ndi kukana kuchotsa zotchinga zimene anapangira makinawo.

Liwiro limene dzanja silingalipeze

Amene anakulira pa macheka a manja amadziwa kuti mkono ukaima, macheka nawonso amaima. Ngakhale ocheka matabwa a m'dzenje, wina pamwamba pa chipika wina pansi utuchi ukumugwera kumaso, anali ndi mwayi umenewu: wina akakuwa, ntchito inkaima nthawi yomweyo. Macheka a makina alibe chifundo chotere.

Tiyeni tiwerengere. Macheka ozungulira ogwira m'manja amene ali ponseponse m'mashedi amakhala ndi mpeni wa mamilimita 185, ndipo umazungulira maulendo pafupifupi 5,000 pamphindi imodzi. Mano a m'mphepete mwake amathamanga liwiro loposa makilomita 170 pa ola. Mpeniwo ukakhala wa mano 24, ndiye kuti mano 2,000 amadutsa pamalo amodzi pa sekondi iliyonse. Munthu watcheru amatenga pafupifupi gawo limodzi la magawo anayi a sekondi kuti aone choopsa n'kuyamba kusuntha dzanja. Pakanthawi kameneko mano 500 amakhala atadutsa kale. Tcheni cha chainsaw chimayenda mamita pafupifupi 20 pa sekondi, kotero kuti munthu asanaphethire n'komwe, mamita asanu a mano akuthwa amakhala atadutsa pamwendo pake.

Choncho amene amati "ine ndine wochangamuka, ndikhoza kuzinda" akudzinamiza. Palibe munthu wochangamuka kuposa makinawa. Chitetezo chonse chagona pa zimene wachita usanayatse.

Amene anapanga makinawa anaphunzira zimenezi movutikira. Macheka ozungulira ogwira m'manja anayambira ku New Orleans ku America, kumene Edmond Michel anaona anthu akuvutika kudula nzimbe ndi zikwanje n'kuganiza zoika injini pa mpeni. Kampani yake inayamba mu 1924, ndipo pambuyo pake inadziwika ndi dzina la Skilsaw. Ku Germany, Andreas Stihl anapanga chainsaw yamagetsi mu 1926 ndi yapetulo mu 1929, zonse zolemera moti zinkafuna anthu awiri. Makina atapepuka n'kumagwiridwa ndi munthu mmodzi, ovulala anachuluka, ndipo buleki yoimitsa tcheni inayamba kuikidwa m'zaka za m'ma 1970. Kachitsulo kalikonse kotchinga kamene mukuona pa makinawa kanaikidwa chifukwa anthu ena anavulala kale. Wochotsa kachitsuloko akudzibweza dala ku nthawi imene anzake ankatha zala.

Macheka akadumphira mwini wake

Ngozi yaikulu ya macheka ozungulira ndi imene m'mabuku a makinawa amaitcha kickback. Zimachitika motere: mpeni uli mkati mwa thabwa, mpata umene wadula umatsekeka n'kuupana. Mano akumbuyo, m'malo modutsa mumpatamo, amaluma thabwa n'kukwera pamwamba, ndipo mphamvu yonse ya injini imaponyera makinawo m'mbuyo, kumene kuli munthu. Ngati waima kumbuyo kwenikweni kwa mzere wodula, mpeni umafikira pantchafu kapena pamimba. Ngati dzanja lamanzere linali pathabwa kumbuyo kwa macheka, umadutsa pazala.

Chimene chimapanitsa mpeni kawirikawiri ndi kaikidwe ka thabwa. Munthu amaika thabwa pa zogwiriza ziwiri, china uku china uko, n'kumadula pakati. Akamayandikira kumapeto, thabwa limagwera mkati, mbali ziwirizo n'kutsina mpeni. Njira yabwino ndi kugwiriza mbali yaikulu ya thabwa pabenchi, kuimanga ndi kilampu, n'kusiya kachidutswa kodulidwako kuti kagwe kokha kunja. Mapulayi aakulu aziyalidwa pa timatabwa tingapo, tina pafupi ndi mzere wodula mbali zonse ziwiri, kuti pasapezeke popindika. Kugwira thabwa ndi dzanja limodzi, kulipanira ndi bondo kapena kuliika pamwendo ndi kuitana tsoka.

Matabwa ambiri amene amagulitsidwa m'misika yathu amakhala aawisi, ongochekedwa kumene. Paini wamuwisi amakhala ndi utomoni umene umamatirira pa mpeni, ndipo thabwa losauma limapotoka pamene likudulidwa mumtali, n'kutseka mpata. Mitengo yolimba ngati mlombwa ndi mbawa imafuna mpeni wakuthwa ndi dzanja lodekha. Matabwa ogumula panyumba yakale kapena a mapaleti amabisa misomali, imene imathyola dzino la mpeni n'kuliponya ngati chipolopolo. Kuyang'ana thabwa mbali zonse musanadule sikutenga mphindi imodzi.

Mpeni usatuluke kwambiri pansi pa thabwa. Ukonzeni kuti uzingosuzumira pang'ono, osapitirira kutalika kwa dzino limodzi. Ukatuluka kwambiri, mbali yaikulu imakhala poyera pansi pomwe maso sakuona, ndipo mpamene zala za wogwirizira thabwa zimathera. Gwirani makina ndi manja onse awiri. Manja amene ali pa zogwirira sangakhale panjira ya mpeni. Imani chakumbali kwa mzere wodula. Yatsani mpeni usanakhudze thabwa, dikirani uthamange mokwanira, kenako lowani osakankha mwamphamvu. Mukamva kulira kwa injini kukusintha, kapena mukanunkhiza kupserera kwa thabwa, siyani batani koma musasunthe makina mpaka mpeni utaimiratu. Kuwakokera m'mbuyo mpeni ukuzungulira ndiye kumene kumawadumphitsa.

Dziwaninso kuti mukasiya batani mpeni umapitiriza kuzungulira kwa masekondi angapo. N'chifukwa chake pansi pa makinawa pali chotchinga cha sipuling'i chimene chimabwerera chokha kuphimba mano. M'mashedi ambiri chotchingachi anachimanga ndi waya kapena kuchipanira ndi kamtengo, ati chimachedwetsa ntchito. Macheka otere mukawaika pansi amayenda okha cham'mbuyo, kudula chingwe cha magetsi, patapata ndi phazi lomwe. Ngati chotchinga chikukakamira, zulani pulagi, chotsani utuchi, konzani sipuling'i. Musachimange.

Nzeru zachidule zimene zikutha zala

Amisiri athu ndi anthu aluso, ndipo kusowa kwa zipangizo kunawaphunzitsa kupanga chimodzi kugwira ntchito zitatu. Luso limeneli n'loyamikika, koma pa macheka lili ndi malire.

Choopsa kwambiri ndi kumanga mpeni wa matabwa pa grinder. Grinder yaing'ono, ya mamilimita 115, imazungulira maulendo pafupifupi 11,000 pamphindi, kuwirikiza kawiri liwiro la macheka ozungulira. Ilibe phazi lathyathyathya lotsamira pathabwa, ilibe chotchinga chobwerera chokha, ndipo nthawi zambiri chotchinga chake chomwe chimachotsedwa kuti mpeni waukulu ukwane. Mano akaluma mfundo ya thabwa, makina amachoka m'manja n'kupita kumaso, pakhosi kapena padzanja. Palinso zimbale zokutidwa ndi tcheni cha chainsaw zimene amagulitsa kuti ndi zosemera ziboliboli. Mu 2021 boma la Britain linachenjeza anthu kuti asiye kuzigwiritsa ntchito pa grinder anthu atavulala nazo modetsa nkhawa. Grinder ndi ya zitsulo ndi miyala. Thabwa lili ndi macheka ake.

Nzeru ina yofala ndi kutembenuza macheka ozungulira chagada, kuwakhomera pansi pa tebulo, n'kumanga batani ndi lamba wa chubu kuti azingolira. Tebulo lotere lilibe chotchinga pamwamba, lilibe kachitsulo kakumbuyo kwa mpeni koletsa thabwa kutsina, ndipo chikachitika china palibe pozimitsira msanga. Amene alibiretu njira ina ayenera kuika switchi yaikulu pafupi ndi dzanja, kukhomera kachitsulo kopyapyala kumbuyo kwa mpeni, ndi kukankha thabwa ndi kamtengo kosema bwino m'malo mwa zala. Dzanja lisayandikire mpeni kuposa kutalika kwa chikhatho chotambasula, ndipo utuchi kapena tizidutswa tisachotsedwe mpeni ukuzungulira.

Kuzima kwa magetsi kumabweretsanso ngozi yakeyake. Magetsi akathima ntchito ili mkati, anthu amangosiya makina pabenchi, batani lili chimangire, n'kupita kukakhala pamthunzi. Akayaka mwadzidzidzi makina amadzuka okha pamene mwana akusewera pafupi kapena wina akusintha mpeni. Lamulo la shedi iliyonse likhale lakuti magetsi akangozima, mapulagi onse azulidwe. Ndipo posintha mpeni, pochotsa chokakamira kapena pokonza chilichonse, pulagi izikhala pamene maso akuiona kuti yazulidwa. Ngati makina ndi a batire, batire lichotsedwe.

Magetsi a ESCOM amafika m'nyumba ndi mphamvu ya mavoti 230, yokwanira kuimitsa mtima. Nthambo zolumikizalumikiza n'kukulunga ndi jumbo, mawaya awiri olowetsa m'soketi n'kupanira ndi timitengo ta machesi, chingwe chodutsa m'matope nthawi ya dzinja: zonsezi n'zozolowereka, koma kuzolowereka sikuchepetsa mphamvu ya magetsi. Pulagi ndi yotchipa kuposa bokosi la maliro limene shedi yomweyo imakhoma. Pogwira ntchito chingwe chizikhala kumbuyo kwanu, kutali ndi njira ya mpeni.

Chainsaw ili ndi malo ake oopsa

Ku Chikangawa, m'nkhalango ya paini ya Viphya imene inadzalidwa pa mahekitala pafupifupi 53,000, paphiri la Zomba, ku Dedza, ndi m'midzi mmene anthu akugulitsa bulugama ndi malaina awo, chainsaw yalanda malo a macheka a m'dzenje. Nayonso imadumphira mwini wake, ndipo imatero mofulumira kuposa macheka ozungulira.

Malo oopsa ndi kunsonga kwa chitsulo chimene tcheni chimayendapo, makamaka mbali yam'mwamba ya nsongayo. Pamenepo mano amakhala akukhota kutsikira pansi, ndipo akakhudza nthambi, mwala kapena chipika china chobisika, amaluma n'kuima, chitsulo chonse n'kunyamuka molunjika kumaso ndi paphewa la wodula. Chotchinga chimene chili kutsogolo kwa dzanja lamanzere ndiye buleki: makina akadumpha, chimakankhika n'kuimitsa tcheni nthawi yomweyo. Chainsaw imene buleki yake inathyoka siyenera kuyatsidwa. Yesani bulekiyo m'mawa uliwonse, ndipo muziitseka nthawi zonse pamene mukusuntha kuchoka pamtengo wina kupita pa wina.

Kagwiridwe n'kofunika. Dzanja lamanzere kutsogolo, chala chachikulu chitazungulira pansi pa chogwirira, mkono utawongoka, lamanja kumbuyo. Izi sizisintha ngakhale kwa munthu wamanzere, poti makinawa anawapangira kagwiridwe kameneka. Thupi likhale chakumanzere kwa chitsulo, mutu usaweramire pamzere wa tcheni. Musadule chilichonse chimene chili pamwamba pa mapewa anu, musadule ndi dzanja limodzi, ndipo musakwere nayo makwerero kapena mumtengo ngati simunaphunzire ntchito imeneyo mwapadera. Anthu ambiri amavulala podula nthambi za mango pakhomo, ataima pa mpando kapena padenga.

Poyatsa, anyamata ambiri amakonda kuigwira ndi dzanja limodzi n'kuiponyera pansi uku akukoka chingwe. Ikalira, chitsulo chimapendekera kulikonse, nthawi zambiri kumwendo. Ikani makina pansi pamalo osalala, tsekani buleki, pondani chogwirira chakumbuyo ndi phazi lamanja, gwirani chakutsogolo ndi dzanja lamanzere, kenako kokani. Pothira mafuta zimitsani injini, idikireni izizire pang'ono, fodya akhale kutali, ndipo mukayatsire mamita osachepera atatu kuchoka pamene mwathirira. Makina ambiri amasiku ano amafuna oyilo wake wa injini zotere wokwana mamililita 100 pa malita asanu a petulo. Oyilo wakuda wotsala m'galimoto, amene ambiri amathira ku tcheni, amadya chitsulo msanga ndipo akamakhudza khungu nthawi yaitali amatha kuyambitsa khansa.

Tcheni chakuthwa chimatulutsa tizipalapala tokulirapo ndipo chimalowa chokha mumtengo. Chikayamba kutulutsa fumbi losalala, chabuntha, ndipo wodula amayamba kukankha ndi mphamvu, kutopa, kuterereka. Tupa azikhala m'thumba nthawi zonse. Koma ponola pali msampha. Kutsogolo kwa dzino lililonse kuli kachitsulo kamene kamaletsa dzinolo kuluma mozama. Ocheka matabwa ena amapala tizitsulo timeneti kwambiri kapena kutichotseratu kuti makina azidya msanga. Amadyadi msanga, koma amanjenjemera kwambiri ndipo akadumpha amadumpha mwaukali.

Kucheka matabwa ndi chainsaw yongogwira m'manja, kutsatira mzere wa chingwe chopaka makala, ndi ntchito imene imagwiritsa ntchito nsonga yoopsa ija tsiku lonse, miyendo ili pafupi ndi tcheni. Pali chimango chachitsulo chimene chimamangidwa pa chainsaw kuti izitsetsereka pamwamba pa chipika. Wowotcherera zitsulo waluso akhoza kuchipanga. Chimatulutsa matabwa owongoka, chimachepetsa mtengo wotayika, ndipo chimatalikitsa tcheni ndi thupi la munthu.

Mtengo nawo umabwezera

Pogwetsa mtengo, choopsa chachikulu si makina okha koma mtengowo. Musanayatse, uzungulireni. Wapendekera kuti? Mphepo ikuchokera kuti? Kumwamba kuli nthambi zouma zimene zingathothoke? Muli njuchi? Pali mawaya a magetsi, nyumba, khola kapena njira ya ana a sukulu pafupi? Ngati pali mawaya, ntchitoyo isayambe a ESCOM asanauzidwe. Munthu wina aliyense atalikire mtunda wowirikiza kawiri kutalika kwa mtengowo. Ana amakonda kuthamangira kumene kukulira chainsaw, ndipo wodula sangawamve. Pakhale wamkulu wowaletsa.

Lambulani njira yothawira, yolowera cham'mbuyo mopendekera kumbali, osati kumbuyo kwenikweni, poti tsinde limatha kubwerera pamene mtengo ukugwa. Dulani kakamwa kumbali imene mukufuna mtengo ugwere, kozama pafupifupi gawo limodzi la magawo anayi kapena asanu a kunenepa kwa tsinde. Kenako dulani kumbuyo, pamwamba pang'ono pa pansi pa kakamwako, koma musadule n'kumaliza. Siyani kachigawo kosadula, pafupifupi gawo limodzi la magawo khumi, kamene kamagwira mtengo ngati hinjesi ya chitseko n'kuuwongolera pogwa. Wodula kachigawo kameneka wausiya mtengo kuti usankhe wokha kogwera. Ukayamba kupendekeka, tulutsani makina, tsekani buleki, chokanipo, maso ali kumwamba.

Mtengo ukakodwa mu unzake, musaukwere, musadule umene waugwirawo, ndipo musadutse pansi pake. Ukokeni ndi chingwe muli patali. Mitengo yogwa ndi mphepo, ngati imene inali mbwee m'chigawo chakumwera namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023, ndiyo yoopsa kuposa yonse. Imakhala yopindika, yopanikizana, mizu ili m'mwamba, ndipo nthambi yokungika ikadulidwa molakwika imafwamphuka ndi mphamvu yothyola chibwano. Yang'anani kaye mbali imene ulusi wa mtengo wapanikizika ndi imene wakokeka. Yambani kudula pang'ono mbali yopanikizika, mumalizire mbali yokokeka, mutaima kumene mtengo sungakupezeni. Pamalo otsetsereka imani kumtunda kwa chipika.

Kuyenda awiri si mantha. Munthu asapite yekha kutchire ndi chainsaw, chifukwa mtsempha waukulu wa pantchafu ukaduka, magazi amatha m'mphindi zochepa. Ndipo kachasu, chamba kapena matsire a dzulo siziyenderana ndi makinawa. Ngozi zambiri zimabwera pamene thupi latopa, chakumadzulo, munthu akuti angomalizako chipika chimodzi chotsala.

Zovulaza zosatulutsa magazi

Pali kuvulala kwina kumene kumabwera pang'onopang'ono. Phokoso limayezedwa m'madesibelo, ndipo akatswiri a zaumoyo wa pantchito amati khutu limapirira madesibelo 85 kwa maola asanu ndi atatu; pa madesibelo 100 nthawiyo imatsika kufika mphindi 15 zokha. Chainsaw imapitirira madesibelo 100. Kulira kwa m'makutu kumene wodula amamva usiku ndi chizindikiro chakuti khutu lawonongeka, ndipo kumva kukatayika motere sikubwereranso. Timapulagi ta siponji ta m'makutu ndi totchipa kuposa lita imodzi ya petulo.

Fumbi la matabwa nalo si lamasewera. Mu 1995 nthambi ya World Health Organization yofufuza za khansa inaika fumbili pagulu la zinthu zimene zimayambitsa khansa mwa anthu, makamaka ya m'mphuno. Limayambitsanso mphumu ndi ziwengo. Dulirani pamalo opita mphepo ndipo valani chophimba mphuno ndi pakamwa chokhuthala bwino. Injini ya petulo, kaya ya chainsaw kaya jenereta, isalire m'chipinda chotseka, poti utsi wake uli ndi mpweya wakupha wopanda fungo. Kunjenjemera kwa makina kwa zaka zambiri kumawononga mitsempha ya m'zala mpaka kuchita dzanzi. Kupumira ndi kusinthana kumathandiza.

Pa zovala, yambani ndi zimene mungakwanitse: magalasi oteteza maso, zotseka m'makutu, jombo zolimba m'malo mwa patapata, chipewa cholimba kwa wogwetsa mitengo. Malaya olendewera, chitenje chomasuka, mkanda kapena tsitsi lalitali losamanga zimakodwa mu mpeni. Buluku lapadera la chainsaw lili ndi ulusi wambiri mkati umene tcheni chikaukhudza umasololoka n'kutsamwitsa makina. Ndi lodula, koma mwini makina amene wakwanitsa kugula chainsaw n'kumalemba anyamata ayenera kuliwerengera pamtengo wa makinawo.

Ngozi ikachitika, mphindi zoyamba ndizo moyo

Tsoka silinunkha, choncho aliyense pashedi adziwiretu chochita. Zimitsani makina. Panikizani bala mwamphamvu ndi nsalu yoyera ndipo musamasuzumire. Ikanyowa, onjezani ina pamwamba. Ngati magazi akutumphuka pamkono kapena pamwendo osaleka, mangani nsalu yotambalala chakumtunda kwa balalo, mbali ya kuthupi, osati pamfundo, lowetsani kamtengo n'kupotokola mpaka magazi ataima. Lembani nthawi imene mwamanga, musamasulenso, thamangirani kuchipatala. Waya kapena chingwe chopyapyala chimadula mnofu. Musathire dothi, petulo, mafuta a buleki, kachasu kapena masamba otafuna pabala.

Chala chikaduka, chitoleni, chikulungeni m'nsalu yoyera yonyowa pang'ono, chiikeni m'jumbo yomanga bwino, ndipo jumboyo muiike m'madzi ozizira a ayezi. Chisakhudze ayezi mwachindunji. Pitani nacho pamodzi ndi wovulalayo, madokotala akaone chimene angachite. Wovulala kwambiri asadye kapena kumwa kanthu panjira, poti angafunike opaleshoni. Chipatala chapafupi chiyambe kumuthandiza, ndipo ngati n'kofunika chimutumiza ku zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth, Kamuzu, Zomba kapena Mzuzu. Ngakhale bala laling'ono likaonetsedwe, chifukwa macheka amalowetsa utuchi, oyilo ndi dothi mkati mwa mnofu, ndipo kafumbata amalowera pomwepo. Kachitsotso kakalowa m'diso, musatikite kapena kukazula. Phimbani diso mopepuka n'kupita kuchipatala.

Udindo uli pa wophunzitsa

Malamulo alipo. Lamulo la chitetezo, umoyo ndi chisamaliro cha anthu pantchito la mu 1997 limapereka kwa wolemba ntchito udindo wophunzitsa antchito ake, kusamalira makina ndi kupereka zodzitetezera. Lamulo la chipukutamisozi cha ovulala pantchito la mu 2000 limati wovulala ali pantchito alipidwe. Lamulo la zolemba ntchito la mu 2000 limaletsa kupatsa ana osakwana zaka 18 ntchito zoika moyo wawo pachiswe, ndipo chainsaw kapena macheka amagetsi ndi ntchito yotero. Bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa mu 1999, limayang'anira maphunziro a ntchito zamanja, ukalipentala uli momwemo. Koma achinyamata ochuluka sadutsa m'sukulu zimenezi. Sukulu yawo ndi shedi ya amalume, ndipo oyendera malo a ntchito sangafike pa shedi iliyonse kapena pa chitsa chilichonse m'nkhalango.

N'chifukwa chake nkhaniyi ikuthera pa inu amisiri akuluakulu ndi eni makina. M'mera mpoyamba. Mnyamata amene tsiku lake loyamba waona bwana akumanga chotchinga ndi waya adzamanga chotchinga moyo wake wonse, n'kudzaphunzitsanso ena. Musanamupatse makina, mutengeni pambali mumuonetse pamene mpeni umadumphira, pamene ayenera kuima, ndi pozimitsira. Aonerere kaye, kenako adule inu muli pambali pake. Mukaona akuchita zachidule, muletseni pomwepo ngakhale oda ili yofulumira. Obwereketsa chainsaw asapereke makina opanda buleki, ndipo afunse ngati wobwerekayo anaigwirapo. Ogulitsa m'mahadiweya asiye kugulitsira anthu mipeni ya matabwa yoti akamange pa grinder. Magulu a amisiri m'misika akhoza kusonkha ndalama yogulira bokosi la chithandizo choyamba n'kuitana wazachipatala kudzawaphunzitsa kuletsa magazi.

Nafenso ogula tili ndi mbali yathu. Tikaitana munthu kudzagwetsa mtengo pakhomo, tisamuumirize kudula kukuda kapena kukuwomba mphepo, tichotse ana, ndipo tisasankhe wotchipa amene wabwera yekha, wavala patapata, akununkha mowa. Mmisiri wa matabwa alibe penshoni, alibe inshuwalansi. Mpamba wake wonse ndi manja awiri, maso awiri ndi makutu. Lolemba likubwerali, ntchito isanayambe, mwini shedi aliyense amasule waya amene anamangira chotchinga, achotse mpeni wa matabwa pa grinder, agule pulagi, ndipo asonkhanitse anyamata ake awauze chifukwa chake.